Tsiku limene ndinayezedwa mimba

Anzanga, ine cholinga changa chinali chabwino. Mwana wanga Tadala, wa zaka makumi awiri, anabwera kunyumba kwathu ku Biwi n'kunena kuti akufuna kulowa nawo kafukufuku wa katemera woteteza atsikana ku khansa ya khomo la chiberekero. Mayi ake anavomera, koma ine ndinali nditamva mphekesera m'minibasi zoti akatemera oterewa amatseketsa kubereka. Ndinati ayi, ndikawafunse ndekha adokotalawo, andiyankhe akundiyang'ana m'maso.

Ndinavala jekete la kutchalitchi, tinapita. Chimfine chinali chitandimaliza mawu, ndinkangonong'ona. Pachipatalapo tinapeza atsikana okhaokha pabenchi, Tadala anakakhala kutali ngati sakundidziwa, ine ndinakhala kumapeto. Mzere ukasuntha, nane ndinkasuntha. Nanga munthu ukapeza mzere umatani?

Kenaka panadutsa thireyi ya timabotolo, aliyense akutenga kamodzi n'kulowera kuchimbudzi. Ndinaganiza kuti ndi lamulo la aliyense wolowa. Ndinatenga, ndinakadzaza bwinobwino, ndinalembapo dzina langa, Chisomo, n'kukaika pamene anzanga ankaika.

Dzina litaitanidwa ndinalowa. Anesi anali ataweramira mapepala, sanadzutse mutu. Anandifunsa kuti ndinasamba liti komaliza. Ndinanong'ona kuti lero m'mawa. Analemba. Anafunsanso kuti ndimasamba masiku angati pamwezi.

"Tsiku lililonse, madzi akakhala kuti akutuluka kumpopi."

Cholembera chinaima. Anadzutsa mutu, anaona ndevu, anaona jekete, anayang'ananso pepala lija. M'malo mopepesa ndi kutuluka, ine ndinalimba mtima n'kunena kuti ndabwera kuti andibaye ineyo kaye, ndikapanda kufa ndiye abaye mwana wanga. Anesiwo, mwaulemu wonse, anandifotokozera kuti kafukufukuyu ndi wa atsikana, palibe wokakamizidwa, ndipo katemerayo akumuyesa ngati angateteze khomo la chiberekero.

"Nanga inu abambo, khomolo muli nalo?"

Ndinayankha kuti ndine kalipentala, makomo ndili nawo ambiri kushedi, ena a mlombwa. Mukuganiza kuti ndinkaseka? Ndinkanena zoona zenizeni!

Nthawi yomweyo analowa mayi woyeza mikodzo, chitseko n'kuchisiya chotsegula, nati Chisomo alibe mimba, akhoza kupitiriza. Anesi anandiloza. Benchi yonse inamva, inagwa nacho chiseko, wina mpaka kuimba nthungululu. Tadala anadziphimba kumutu ndi chitenje.

Mafunso anga anesi aja anandiyankha onse, moti mwanayo ndinamulola ndi mtima umodzi, ngakhale pobwerera anakwera minibasi ina. Kunyumba ndinapeza nkhani itafika kale. Mkazi wanga anandilandira jekete, nandiyang'ana pamimba nthawi yaitali.

"Tithokoze Mulungu, bambo a Tadala. Ine ndimaona kukulaku ndimada nkhawa kuti mwina ndi mapasa."

Kuyambira tsiku limenelo, ndikapeza mzere ndimayamba ndafunsa kuti ukupita kuti. Ndipo kabotolo kalikonse kodutsa pathireyi, ngakhale paukwati, manja anga amakhala m'thumba.