Girini wa a Nunkhiza

Mwa anthu onse amene anapondapo mushopu yanga ya penti pa zaka makumi atatu zimenezi, mmodzi yekha ndiye ankagula penti ndi mphuno. Ena amaloza ndi chala, ena amabwera ndi kachibenthu ka khoma m'thumba kuti ndiwapezere wofanana nako. Koma achikulire amenewa ankafika, kuvula chipewa, kutsegula chitini ndi kasupuni kawo koyenda nako, n'kulowetsamo mphuno mpaka nsidze kutsala pang'ono kunyowa. Akatero ankatsinzina, kupukusa mutu, n'kunena kuti, "Ayi, uyu ndi wabodza." Msewu wonse unkangowatchula kuti a Nunkhiza, moti ngakhale akazi awo akapsa mtima ankaitana dzina lomwelo.

Pa unyamata wawo anali kondakitala pakampani ya mabasi ija inatha kalekale. Atapuma ntchito, anzawo ena anayamba kuweta nkhuku, ena kumangokhala pakhonde n'kumawerenga odutsa, iwo anayamba kupanga mabasi. Musaganize za magalimoto a mawaya osewerera ana, ayi, musawanyoze. Anali mabasi enieni, kungoti aang'ono, otalika kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya chala. Inchi imodzi ya kabasi inkaimira mafuti awiri pa muyeso wa basi yeniyeni, ndipo ukawafunsa chifukwa chake, konza mpando ukhale pansi. Munali timipando, timagalasi, kabelu ka chingwe, makwerero okwerera padenga. Ngati mpando wachitatu wa basi yeniyeniyo unali wong'ambika, iwonso ankang'amba wawo dala ndi singano. Chipinda chimene chinali cha ana awo chinasanduka depoti, mashelefu mbali zonse, basi iliyonse imene anagwirapo ntchito itaima pamalo pake. Mayi akunyumba kwawo ankaloledwa kusesamo, koma tsache lisakwere kupitirira m'mawondo.

Penti wawo anali wa mtundu umodzi basi, wa tizitini tating'ono ta chivindikiro chofiira, tokwana m'chikhatho n'kufumbata. M'dera lonse ndinkaitanitsira iwo okha. Ndiye tsiku lina amene ankandibweretsera katundu anandiuza kuti tizitini timeneto sitidzabweranso. Ndinagwira njakata, chifukwa ndinadziwa kuti mlandu wonse ugwera ine.

"Achikulire, penti wanu uja watha. Kampani yake yatseka."

"Yatseka? Yauza ndani?"

"Nanga akanakulemberani kalata?"

"Zaka makumi awiri ndikugula kwa iwo! Achimwene, ngakhale walendi amatsanzika akamasamuka."

Ndinawatulutsira penti watsopano wa m'timabotolo ta pulasitiki, wosungunula ndi madzi. Mitundu yake mbwee, ina yoti maina ake sindinkatha n'kuwatchula komwe. Anatsegula kamodzi, kununkhiza, kununkhizanso, kenako anasuzumiramo ndi diso limodzi.

"Mulibe munthu umu."

"Ndi wamakono ameneyo, bambo. Sanunkha, ndipo sachedwa kuuma."

"Akuthamangira kuti? Penti wabwino amauma masiku awiri, uwone kaye ngati walakwitsa. Uyu akuuma usanamalize kuyetsemula. Awa ndi madzi otsukira mbale, achimwene, mwangowathira m'botolo."

Zimenezi ankanena makasitomala ali pamzere, abale! Mayi wina amene anali atanyamula kale zitini ziwiri anazibweza pashelefu mwakachetechete n'kutuluka. Tsiku limenelo ndinawauza kuti asadzapondenso pakhomo panga. M'mawa mwake ndinawapeza atandidikirira pakhomo lomwelo, ndisanatsegule.

Chimene chinkawasowetsa mtendere tonse tinkachidziwa. Mabasi onse anali atatha kupatula imodzi, ndipo imodziyo inali ija anakumaniranamo ndi akazi awo. Nkhaniyi ndinaimva mwina ka zana. Akuti kunkagwa chimvula, mtsikana wina anakwera atasenza mutu wa makina osokera, mipando itadzaza. Iwo anamupatsa kampando kawo ka kondakitala ka pakhomo, n'kuiwala kuliza belu masiteji atatu otsatizana, anthu akutukwana kuti awatsitse. Basi imeneyo anaisiya dala kuti ikhale yomaliza, akuti dzanja liyambe lakhwima. Dzanja linakhwimadi, thupi la basi linatha mpaka kabelu, koma inaima pashelefu yotuwa mbuu, ikudikira girini nambala 38 wa chivindikiro chofiira. Ndipo nthawi siinali mbali yawo. Maso anali atayamba kuchita ng'ala, ndipo adokotala anawauza kuti chifukwa cha shuga amene anali naye, opaleshoni siithandiza kwenikweni.

"Komabe musandimvere chisoni," anatero akundikodola kuti ndiyandikire. "Ine si wopusa. Kachitini kamodzi ndinabisa."

Kanali m'thiranki ya mayi, pansi pa nsalu, zaka khumi ndi chimodzi. Sanakatsegulepo, sanakagwedezepo, kuopa kuti mpweya ungalowe. Tsiku lokatsegula anandiitana ngati mboni, Loweruka masana. Ndinawapeza atavala tayi. Patebulo anayala nyuzipepala, maburashi atatu atagona mondondozana, mayi atakhala pambali manja ali pamwendo ngati tili kutchalitchi. Anapisa kasupuni pansi pa chivindikiro, n'kutsegula. Analowetsa mphuno. Anaitulutsa. Anagogodamo ndi kasupuni, ndipo kanalira kuti ngo! ngo! Penti anali atauma gwa, pamwamba pake pali bii, wosadziwika kuti anali girini kapena phula.

Ine kuseka kunkandiwawa m'mimba, koma nkhope yawo sinali yosekera.

"Bambo," anatero mayi, "ndiye kuti zaka zonsezi mumandiletsa kusuntha thiranki yanga chifukwa cha mwala?"

"Amayi, musalankhule pamaliro."

Kuyambira pamenepo anagonja, koma kugonja kwa a Nunkhiza kunali kotopetsa kuposa nkhondo yawo. Anati girini ameneyo amupanga okha kuchokera mu madzi otsukira mbale omwewo. Anayamba kusakaniza. Madontho asanu ndi awiri a yelo, atatu a buluu, limodzi lakuda lotengera kunsonga ya machesi, zonse akulemba kuseri kwa kalendala. Ndipo penti aliyense ankafuna kumuyesa panja, padzuwa, chifukwa akuti basi siyenda m'nyumba. Anayesa pachidebe cha mayi, pachitseko cha bafa, pampando wodikirira wa wometa tsitsi woyandikana nane, kasitomala n'kudzuka ndi chizindikiro kumbuyo. Chitseko cha shopu yanga chinachita mawangamawanga mpaka anthu ankafunsa ngati ndi malonda atsopano. Nkhuku ya aneba awo inayenda sabata yathunthu ndi mchira wa girini, iwo n'kumalumbira kuti inadzipaka yokha.

Woweruza anali mmodzi. Ine wogulitsa penti zaka zonsezi sankandiwerengera, akuti basiyo sindinaikwerepo. Ankanyamula kathabwa kopakapaka n'kupita nako pamene mayi akusoka.

"Amayi, tawonani bwino. Ndi ameneyu?"

Mayi ankatsitsa magalasi, kuyang'ana kathabwako nthawi yaitali. "Wayandikira, bambo. Koma uja anali wozama pang'ono."

"Ndimadziwa! Nanenso ndimawona choncho."

Mawa lake: "Nanga uyu?"

"Uyu wazama kwambiri."

"Zoona, zoona. Muli ndi maso inu."

Zinayenda choncho zaka ziwiri. Ine ndinafika powanong'oneza mayi kuti, "Tangovomerani umodzi, atipumitse." Anangondiyang'ana n'kupitiriza kupalasa makina.

Ndiye panayamba chinthu china chimene poyamba tinkachiseka. Girini wawo anayamba kupendekera kubuluu. Mwezi uliwonse madontho a buluu ankawonjezeka, a yelo akuchepa. Ndinawauza kuti, "Achikulire, mwachulutsatu buluu." Anandikalipira kuti maso anga anaphedwa ndi penti wa pulasitiki. Namwino wina wogula kwa ine ndi amene anandimasulira: akuti ng'ala imachititsa munthu kuwona zinthu zonse ngati zathiridwa yelo, ndiye buluu amamuwonekera ngati girini. Apo kuseka kunandithera. Anali atayamba kuphonya sitepe ya pakhomo panga, ndipo burashi akaiika pansi ankaifunafuna ndi manja.

Tsiku lina masana anandiitanitsanso. Nditalowa m'depoti muja ndinapeza atagwira kathabwa. Abale anga, anali buluu. Osati buluu wokayikitsa, koma buluu weniweni wa yunifolomu ya ana asukulu.

"Ndam'peza," anatero ndi mawu otsika. "Amayi, bwerani. Ndikuwona ngati ndam'peza."

Mayi analowa akupukuta manja. Anayang'ana kathabwako, anayang'ana basi yotuwa ija pashelefu, kenako anayang'ana amuna awo amene maso awo anali atayera ngati mkaka wothira madzi.

"Ndi ameneyu, bambo. Ndendende."

"Mukunena zoona?"

"Ndikuwona ngati ndamva ndi fungo la mvula ija."

Anatembenukira kwa ine, koyamba m'moyo wawo wonse kundifunsa maganizo. "Achimwene, inu mukuti bwanji?"

Ine pakamwa panga sipachedwa, mumandidziwa. Ndinali nditatsegula kale kuti ndinene, pamene chidendene cha mayi chinatera pachala changa chachikulu, mwamphamvu moti misozi inalengeza.

"Girini wabwino kwambiri," ndinatero.

"Mwawona? Mpaka misozi. Ndimadziwa kuti penti mumam'dziwa, kungoti umbombo wa malonda."

Anaipaka masiku asanu ndi anayi, nkhope ili pafupi ndi basi moti nsonga ya mphuno inkatuluka ya buluu. Sanalole wina kugwira burashi. Mizere ina inakhota, dontho lina linagwera pagalasi lakutsogolo, zinthu zimene kale akanagwetsa nazo nyumba, koma sanaziwone ndipo palibe anawauza. Atamaliza anaitana msewu wonse. Wometa tsitsi anabwera, telala wa pakona, aneba a nkhuku aja, tonse titatsinana khutu panja tisanalowe. Aliyense ankati akawerama n'kuyang'ana, "Eee, girini ameneyu ndiye girini!" Iwo ataima pambali, tayi pakhosi, akufotokozanso za chimvula ndi makina osokera. Sindinawawonepo atakondwa chotero. Patangotha miyezi itatu anatisiya.

Ndisakunamizeni, shopu yanga ikuyenda bwino tsopano. Palibe wothamangitsa makasitomala, munthu amalowa, kuloza, kunyamula, n'kumapita. Koma masiku amatalika, abale. Pofika masana ndimakhala ndisanakangane ndi munthu aliyense, ndipo ndimapezeka ndikukalipira mashelefu. Ndimawasowa achikulire aja, ndipo ndimawasowa kwambiri.

Patapita milungu ingapo maliro atachitika ndinapita kukawawona mayi. Basi ija anali ataichotsa m'depoti n'kuiika pawindo la pabalaza, loyang'ana kumsewu. Ndinaiyang'ana, ndipo mtima wa wogulitsa penti unandivuta.

"Mayi, ngati mukufuna, ndikhoza kuikonza mwaulemu. Inu mungondiuza girini weniweniyo mmene analili, ine ndisakaniza."

Anaseka mpaka kugwira m'nthiti, kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

"Mwana wanga, girini wake uti? Ine basi imeneyo sindinaiwone mtundu. Chimvula chili pamutu, makina akundithyola khosi, ndiyang'ane penti? Nditakhala pansi ndinkangoyang'ana kondakitala, mmene makutu ake ankanjenjemerera."

"Nanga zaka ziwiri zonse zija, wazama, wachepa?"

"Ndikanavomera tsiku loyamba, m'mawa mwake akanadzukira chiyani? Ndinkafuna ndiwasunge. Koma tsiku lija nditawona kuti maso atsala pang'ono kutsekeka, ndinati ndikachedwanso, basi yathu ikhala yosapaka."

Tili chikhalire, panja panadutsa bambo wina wachilendo ndi mwana wake wamkazi. Anaima pawindo, bamboyo akuloza.

"Taona kabasi ka buluu ako, kukongola kwake!"

Mayi anadzuka, anakankha windo, n'kutulutsa mutu.

"Pepani bambo, ndi ya girini imeneyo."

Bamboyo anayang'ana basi, anayang'ana mayi, kenako anayang'ana ine kuti mwina ndimuthandize.

"Ndi ya girini," ndinatero. "Ine ndimagulitsa penti."