Chigubu cha Zuze pamaliro

Zuze, mlamu wanga amene amasesa pamsika, ndiye anandichititsa manyazi amenewa, ndipo ndikumutchula dzina dala.

Tomato wanga kudimba anali atayamba chikasu, feteleza ndiye mukudziwa kale mtengo wake. Zuze akuti, "Alamu, mukulira chiyani? Zinyalala zomwe ndimataya pamsikapa ndi feteleza. Tengani matumbo a milamba, tomato woola, masamba a kabichi, muthire madzi otsukira nsomba aja, muike m'chigubu masabata awiri. Koma mutseke zolimba, mphamvu isathawe."

Ine sukulu ndinalekera sitandade sikisi, iye anakhalapo pamaphunziro a manyowa, ndikanatsutsa bwanji? Ndinatseka, ndinakulunga pepala lapulasitiki pachitsekerero, ndinamanganso ndi mphira, nkuchiika padzuwa la Okutobala, dzuwa lathu lino loti buluzi amathamanga chonyang'ama.

Tsiku lopita kudimba chigubu chinali chitatupa ngati mbuzi ya bere. Mkazi wanga anati, "Bambo, chinthuchi chikufuna kupuma." Ndinamuyankha kuti imeneyo ndiyo mphamvuyo. Ndinachimanga panjinga masana, nkulowa msewu wa ku Tengani, mabampu okhaokha, chikungokhutchumuka kumbuyoku.

Nditakhota pa mtengo wa malambe ndinangoona masamba aikidwa pamsewu. Maliro! Ndiye pamaliro munthu sudutsa uli pachishalo. Ndinatsika, ndinavula chipewa, nkumakankha pang'onopang'ono ngati munthu wolemekezeka. Anthu ali mbali zonse, azimayi a mpingo avala zoyera akhala m'mphepete mwenimweni mwa msewu, abusa atsegula Baibulo.

Pamenepo chigubu chinayamba kulira. Psiii.

Mkulu wina wa adzukulu, aja okumba manda, ananditsinzina nkufunsa akuloza chigubu. "Ninji pyenepi, achimwene?"

"Madzi a kudimba, bambo."

"Madzi amaimba mluzu?"

Munthu wanzeru akanafulumira nkudutsa. Ine ndinaima, ndinatsamiritsa njinga pantchafu, ndati ndimange bwino mphamvu isathawe, mawu a Zuze. Kungopotoza kamodzi basi. Phuu! Chitsekerero chinakagwera padenga la siwa, zam'kati zinakwera kumwamba nkubwera ngati mvula. Ine m'kamwa, m'mphuno, mutu wa mlamba m'thumba la malaya. Zoyera za azimayi aja musafunse. Abusa anatseka Baibulo nkuliika m'khwapa, olira analeka kulira nkuyamba kulavula, ntchentche za Nsanje yense zinafika nthawi yomweyo ngati zinalandira uthenga.

Mayi wina wamkulu anati, "Malemuwa anakulakwira chiyani, mwana iwe?" Mwana, ine wa imvi!

Adzukulu anandikhazika pansi padzuwa, patali, chifukwa palibe amafuna kuyandikana nane, mlandu unakambidwa mokuwa. Anagamula tambala. Ndinali naye mmodzi yekha, wofiira, amene amandidzutsa popita kudimba. Sopo wochapira zoyera zija anagula mkazi wanga, ndipo sanandilankhule mpaka Lamulungu.

Nditapita kwa Zuze anaseka mpaka anagwira tsache ngati ndodo. Akuti, "Aa alamu, ndinaiwala, amati uzitsegula tsiku lililonse chipume." Anaiwala! Pamaso pa mlongo wake, mkazi wangayo, analonjeza kuti tambalayo abweza iye.

Tomato wanga anauma yense. Koma mvula itagwa, pamalo pomwe chigubu chinaphulikira panamera bonongwe wofika m'chiuno, wobiriwira bii, ndipo azimayi omwe aja amathyola ndiwo pamenepo. Tsopano anthu akumapita kwa Zuze kukapempha zinyalala, akuti ndi katswiri, umboni uli pamsewu. Ine ndikamadutsa ana amangoti psiii.

Manyowa ndipangabe, chifukwa ndaona ndi maso kuti amagwira, koma m'dzenje, poyera, ndipo chinthu chotupa sindidzachikwezanso panjinga ngakhale andilipire.

Zuze ali ndi atambala atatu. Wanga sanabweze.