Mafeni a Madamu

Lolemba
Madamu anyamuka kukaona ana awo, abwera Lamlungu. Wosamalira maluwa anasiya ntchito, ndiye ine mlonda wa pageti ndadzipereka. Ndawauza kuti kwathu ku Mulanje zomera ngati zawo za m'nyumbazo zimangodzimerera m'mitengo. Kuziona ndinkaziona, koma kuzigwira ayi. Akuti ndikazisamala bwino ntchitoyo ndi yanga. M'nyumba, mu AC, kusiyana nalo dzuwa la m'chipululu la kuno ku Al Duhail!

Zomerazi amati mafeni, osati okupiza mphepo aja, amangiriridwa pamatabwa kukhoma. Banja limodzi, mitundu yosiyana: wa makutu a njovu, wa nyanga za mbawala, ndi wa ku Madagascar amene Madamu amamulankhula ngati mwana. Aliyense ali ndi kachikwangwani ka dzina lachilatini.

Lachiwiri
Mnzanga wamaluwa uja anali waulesi. Masamba ouma mbwee kutsinde. Ndikusadzula onse, ayera bwino.

Lachitatu
Masamba atuwa ndi fumbi. Ndikupukuta ndi nsanza mpaka kunyezimira. Tizikwangwani natonso ndatsuka. Pobwezera ndiye nkhani: kaya aka n'ka uyu, kaya n'ka uyo. Popanda masamba ouma aja onse akufanana ngati ana a mayi mmodzi.

Lachinayi
Kunsi kwa masamba kuli zofiirira ngati dzimbiri. Matenda basi. Ndapala ndi supuni. Wa ku Madagascar waweramitsa mutu, ngati alidi iyeyo.

Lachisanu
Ofu. Ku Corniche, m'mbali mwa nyanja, ndi a Phiri a ku Chipata, amene amathirira maluwa kuhotela. Ndikuwaonetsa zithunzi monyadira, iwo angogwira pakamwa. Akuti masamba oumawo ndiwo amasunga madzi ndi chakudya, fumbilo ndi ubweya woteteza tsamba, dzimbirilo ndi mbewu. Akutinso akatswiri amasiyanitsa mitundu poona zomwezo.

"Mwasiyako chiyani, achimwene?"

Ndasiyako matabwa.

Loweruka
Ndazungulira msika wa Najma wonse kufuna ena ofanana nawo. Wa sitolo ina wanditulutsira apulasitiki, akuti safota. Ndinatsala pang'ono kugula. Ndabwerera, ndavundukula bini, ndamangirira masamba ouma aja ndi ulusi. AC ikawomba akugwa limodzilimodzi. Mayi a ana aimba foni, kunyumba auza kale mpingo wonse kuti ndakwezedwa. Ndati netiweki ikuvuta.

Lamlungu
Madamu afika. Aima pakhoma paja, chikwama chili m'manja. Sanakalipe, bola akanakalipa. Angofunsa kuti wa ku Madagascar ndi uti. Ndaloza wapakati. Apukusa mutu, achotsa wakumapeto, wofota kuposa onse, apita naye kuchipinda atamufukata.

"Khalas," atero, osandiyang'ana, kutanthauza kuti basi, zatha.

Sanandichotse ntchito, koma ndabwerera pageti. Masanawa andituma kukatsitsa mafeni atsopano m'galimoto. Ndisanawafike Madamu atuluka mothamanga, akuti ndisawakhudze, ndingogwira chitseko.