Kwa Bwana Amene Anayamwitsa Mdzukulu Wanga

Kumunsi kwa msika,
Ngala,
Nkhotakota.

Kwa Bwana Wamkulu,
Kampani ya Mkaka wa Ana wa Kanenepe,
Kulikonse kumene mumakhala, poti pa chitini simunalembepo.

Wolemekezeka Bwana,

Mtendere ukhale nanu. Ndagwada, ngakhale maondo akukana. Ndine Tahiru Chande, nkhalamba ya ku Ngala. Nkhafi ndinaisiya kalekale, masiku ano ndimangoyanika usipa pa thandala. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, choncho mukapeza chilembo chopindika musachiwongole, ndi mmene chinabadwira. Ndadzera m'nyuzipepala chifukwa nambala ya foni imene munaika pa chitini ndinaiyimba kanayi, ndipo kanayi konse anayankha mayi wina waulemu kwambiri amene anandiuza m'Chingerezi kuti ndidine wani. Ndinadina. Mpaka lero ndikudikira.

Nkhani yake ndi ya mdzukulu wanga Ummy, wa miyezi khumi ndi mano awiri. Mayi wake, mwana wanga Rukia, anapeza ntchito ya m'nyumba ku Lilongwe kwa adona amene amakonda ana kwambiri, bola akhale awo. Bambo wake Sadick anapita ku Joni mwana akadali m'mimba. Foni yake akuti inagwera m'madzi chaka chomwecho, ndipo sinaumebe. Mkazi wanga anatisiya kale, Allah amuchitire chisoni. Ndiye tsiku limene Rukia anakwera minibasi, bere linakwera naye limodzi, pakhomo n'kutsala ine, mwana ndi phala.

Phala amadya ndithu, koma mwana wa msinkhu umenewu sasiya bere ngati munthu akuvula malaya. Analira masiku atatu, akufufuza pamtima panga, pomwe palibe kanthu koma nthiti. Mnansi wanga Dyness, mkazi wa ku Usisya amene akuyamwitsa mwana wake Blessed, anafika pa mpanda nati, "Adada, bweretsani mwanayo kuno. Mabere ndili nawo awiri, koma Blessed ndi mmodzi."

Ndinakana. Ndikufotokozereni chifukwa chake, poti mwina si inu Msilamu. Kwathu, ana awiri akayamwa bere la mayi mmodzi n'kukhuta kasanu asanakwanitse zaka ziwiri, amakhala pachibale ngati obadwa m'mimba imodzi, ndipo sangakwatirane. Lamulo limeneli ine sindinalipeze m'buku. Linandipeza lokha, nditavala mkanjo watsopano, tsiku la ndowa, ndiye kuti ukwati wanga ndi Madina, mpunga utapsa kale m'miphika inayi. Azakhali ena, amene panalibe anawaitana, anaimirira nanena kuti chaka chimene mayi anga anadwala, iwo anandiyamwitsa ine kumanja, Madina kumanzere. Shehe anatseka buku. Anthu anadya mpunga wonse, poti mpungawo unalibe mlandu. Madina anakwatiwa ndi Swaleh wa sitolo, ndipo kwa zaka makumi asanu tsopano, akamadutsa kupita ku chigayo amandipatsa moni kuti, "Mwadzuka bwanji, achimwene?" Bwana, nkhanu yandilumapo, mwera wandigwirapo pakati pa nyanja, koma palibe choluma ngati moni ameneyo.

N'chifukwa chake ndinalumbira kuti mdzukulu wanga sadzakhala ndi mchimwene womutola pa bere. Mwina Blessed sangadzamufune n'komwe, koma ine sindikufuna kumutsekera khomo ngakhale limodzi. Adzasankhe yekha mwamuna kuyambira ku Dwambazi mpaka ku Bua, popanda munthu woimirira. Ndinapita ku Dwangwa, wasitolo nandionetsa chitini chanu, chija chili ndi chithunzi cha kachirombo kaubweya kakumwetulira, kovala riboni pakhosi. Ndinati mumtima: chitini chilibe mwana, chilibe mlongo, chilibenso miyendo yoimirira nayo pa ndowa ya munthu. Ndinagulitsa usipa umene unali pa thandala, ndinagula.

Tsopano mundilole ndikuthokozeni mwandondomeko, monga amachitira anthu ophunzira.

Choyamba, zikomo chifukwa cha malangizo. Munawalemba m'zilankhulo zitatu: Chingerezi, Chipwitikizi, ndi china chimene aphunzitsi a kuno akuti mwina n'Chifalansa. Chichewa munachisiya, mwina podziwa kuti ana athu amabadwa akudziwa kale kudzisungunulira mkaka. Zilembo zake n'zazing'ono ngati nyerere zoswedwa ndi chala. Ndinavala magalasi a malemu mkazi wanga pamwamba pa anga, ndipo ndinakwanitsa kuwerenga nambala 3.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha kasupuni. Munakakwirira pansi penipeni pa ufa, mwina kuti akuba asakaone, ndipo ndinakafukula tsiku lachinayi, nditazolowera kale supuni ya tiyi. Pa chithunzi pali dzanja likusalaza kasupuniko ndi mpeni. Apa ndiye tinasiyana. Kuno kunyanja, Bwana, muyeso wosalaza ndi chipongwe. Munthu akakupatsani mbale ya usipa yosalaza pamwamba, dziwani kuti pali mlandu pakati panu, mwina wa malire, mwina wa mkazi. Ine ndi mdzukulu wanga tinalibe mlandu. Ndinkamuthirira kasupuni kodzaza mpaka phiri pamwamba, kenako kena ka basela, monga mmene ndimachitira ndi kasitomala womudziwa. Mwana anadzimbidwa masiku anayi, akundiyang'ana ngati wapolisi wa pamsewu, ndipo chitini chimene wasitolo anati n'cha milungu iwiri chinayamba kulira pansi tsiku lachisanu ndi chimodzi. Zitini ziwiri zotsatira ndinazigwira mwanzeru. Pomwe pankafunika tisupuni titatu ndinkathira kamodzi, madzi n'kuchulutsa, kuti ufa ufike patali. Mkaka unkaoneka ngati madzi otsukira mpunga. Mwana anaona chimodzimodzi, ndipo maganizo ake ankawapereka m'ndevu zanga.

Chachitatu ndi ketulo. Chithunzi chanu chikuonetsa ketulo yokhala ndi mchira wolowa m'khoma. Ndafufuza makoma onse a nyumba yanga, ndangopezamo chiswe. Ndiye kasanu pa tsiku ndinkakoleza moto kuwiritsa botolo lopanda kanthu. Odutsa anafalitsa mbiri yoti a Tahiru ayamba kuphika mabotolo, mpaka msodzi wina wa ku Kanyenda anabwera ndi nkhuku yakuda kudzapempha mankhwala oitanira nsomba mu ukonde. Nkhuni zitatha ndinayamba mpanda wa kuseri, bango limodzi limodzi. Lero mpanda kulibe, ndipo mbuzi za Swaleh zimalowa pabwalo panga osaodira n'komwe. Munthu ameneyu anatenga mkazi, tsopano watumiza mbuzi kudzatenga chinangwa. Koma izi si zanu, ndangodutsapo.

Chachinayi ndiye chimene chandigwiritsa cholembera. Lachiwiri la sabata yatha ndinapita ndi mwana ku sikelo. Mwamuna ndinali ndekha pa mzere wa amayi makumi atatu. Iwo ankayimba nyimbo ya kulera, ine ndikuwomba m'manja kuti ndisaoneke mlendo. Anesi anamupachika Ummy pa sikelo, nayang'ana singano, namutsitsa, namupachikanso. Mzere wa m'buku lake, umene unkakwera phiri m'masiku a bere, tsopano ukutsetsereka kulowera kunyanja. Anandiuza pamaso pa amayi onsewo kuti mwezi wamawa ukapanda kukwera, mwana agonekedwa m'chipatala, mayi wake aitanidwa, ndipo ntchito ya ku Lilongwe ithera pomwepo. Ndinatulutsa chitini chanu m'thumba kuti chindilankhulire. Anesi anachitembenuza, naloza ndi chikhadabo kumunsi, pafupi ndi dzimbiri, nandiwerengera mawu anu m'Chichewa: akuti mkaka wa m'mawere ndiwo wabwino koposa kwa mwana.

Bwana, ndinu munthu woona mtima. Ine ndakalambira pa doko, ndaona ogulitsa nsomba a mitundu yonse, koma sindinaonepo wolemba yekha pansi pa dengu lake kuti za mnzake ndizo zabwino. Mukanangolemba pamwamba, pomwe pali kachirombo paja, ndikanakuonani msanga kuti ndinu munthu wa Mulungu. Kenako anesi anandiphunzitsa kuti mkaka wa m'chitini uli ndi muyeso wake, wosafuna basela kapena kuumira, ndiponso kuti mwana wa miyezi khumi azidya phala lothira nsinjiro, dzira ndi usipa wosinja. Usipa, Bwana! Womwe uja ndinagulitsa kuti ndigule inu.

Pali chinanso, kaya n'chachisanu kaya n'chachinayi chomwecho, muwerenga nokha. Pa mzere paja ndinaona amayi ena anayi ali ndi chitini chanu m'zikwama. Pamenepo ndi pa Ngala pokha. Nanga ku Dwangwa? Nanga ku Salima, ku Mzuzu, ndi kwa Apwitikizi kuja munawalembera malangizo? Ndinathawa mchimwene mmodzi wa pa mpanda, kenako n'kumugulira mdzukulu wanga azichimwene a dziko lonse, ena osamva n'komwe moni wathu. Mwana ameneyu adzakwatiwa ndi ndani? Itatha swala ya masana ndinakawagwira dzanja shehe Kalilu pakhomo pa mzikiti. Anaseka mpaka kofiya inagwa, nati, "A Tahiru, chitini si mayi, ndipo ng'ombe si azakhali a munthu. Mkaka wa m'sitolo subala chibale. Pitani mukagone."

Shehe ndi wophunzira, ndipo ndinabwerera mtima uli m'malo. Koma nditafika kunyumba ndinatsegula wailesi, n'kumva mawu a kampani yanu, ng'oma zikulira pambuyo: "Kanenepe, mayi wachiwiri wa mwana wanu." Apa ndiye mutu unaima. Mmodzi mwa awiriwa sakunena zoona, shehe kapena inu. Shehe ndimamuona tsiku lililonse, ndikhoza kukangana naye mawa. Koma ine, wa Sitandade 4, ndingayerekeze bwanji kunena kuti Bwana wa kampani yaikulu chotere amanama pa wailesi ya dziko lonse? Choncho ndatenga mawu anu monga mmene munawanenera. Ndinu mayi. Ummy wamwa mkaka wanu milungu isanu. Kukhuta kwenikweni mwina anakhuta kasanu kokha, koma kasanu ndi kamene lamulo limafuna.

Ndiyenera kukudziwitsani, monga kholo, zimene zachitikira mwana wanu. Lachitatu m'mawa Madina anaima pamalo pamene panali mpanda. Sanandipatse moni. Anayang'ana timiyendo ta mwana nthawi yaitali, kenako nati, "Achimwene, bere limene mwakhala mukulitukwana zaka zonsezi ndi lomwe linakusungani ndi moyo. Mwana uyu mukumusungira mwamuna, ndiye ndowa yake mudzachitira kumanda?" Mkazi ameneyu ndikanamukwatira, bwenzi ndikumva zoterezi tsiku lililonse, mwina azakhali aja anandichitira chisoni. Atachoka ndinanyamula mwana n'kupita kwa Dyness, amene buku lake la kuchipatala anesi analiona kale n'kuvomereza. Ndinkayembekezera mawu onyoza. Iye anangoti, "Khalani pa mpando, adada," nasunthira Blessed mbali ina. Ummy anagwira bere ndi manja onse awiri, ngati munthu wogwa m'madzi akagwira m'mphepete mwa bwato, ndipo ine sanandiyang'anenso.

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi chiyambire kuyamwa kwa Dyness. Masana amadya phala lake la usipa, m'mawa ndi madzulo amapita kwa Dyness. Ali ndi mchimwene tsopano, wachimfine chosatha, amene amamukoka makutu. Ndawauza shehe kuti alembe mayina awo awiri pamodzi, adzakule akudziwa. Chitini chanu chomaliza chikadali ndi ufa pang'ono. Ndachiika pamwamba pa kabati, kachirombo katayang'ana kukhoma.

Sikelo ina ili Lachiwiri loyamba la mwezi wamawa. Ngati mzere ukwera sindikudziwa. Dyness akudyetsa ana awiri ndi thupi limodzi, ndipo mwana anatsika patali. Rukia sindinamuuze chilichonse. Akaimba foni ndimamuuza kuti mwana akusewera.

Pempho langa, Bwana, ndi laling'ono. Sindikufuna chitini chaulere, kapena tisheti, kapena kalendala. Ndikupempha kuti mubwere, monga mayi aliyense amabwerera. Mukwere minibasi, mutsikire pa siteji ya Ngala, aliyense akulozerani. Mutenge chitenje chanu, poti mwana adzafunika kuberekedwa, ndipo msana wanga watopa. Tidzayende limodzi kupita ku sikelo, mudzakhale pansi pa mtengo ndi amayi anzanu, mudzayimbe nawo nyimbo. Mawu ake si ovuta, ali m'chilankhulo chimodzi chokha. Anesi athu ali ndi chizolowezi: mzere ukatsika amakweza buku m'mwamba n'kufunsa mokweza kuti, "Amene ankadyetsa mwana uyu ndani?" Akadzafunsa, ine ndidzaimirira, chifukwa mbali yanga ya mlandu ndikuidziwa ndipo sindiithawa. Ndikungopempha, mwaulemu wonse, kuti tidzaimirire awiri.

Ine wanu wogwadabe, podikira wondidzutsa,

Tahiru Chande,
Agogo ake a mwana wanu.