Magalasi Akuda pa Unkhoswe wa Yohane

Anzanga, tulo tanga ine n'tachilendo. Ndimaliza mkonono, kenaka mpweya n'kuima zii, n'kudzidzimuka ngati ndatsamwa, ndiye masana ndikangokhala pansi basi ndapita. Mayi akunyumba atopa n'kundiuza za kuchipatala, ine n'kumati mwamuna wolimbika ntchito amagona choncho.

Tsono Yohane, mwana wa mlongo wanga, anapeza mbeta ku Lirangwe, dzina lake Esinati. Okamulankhulira tinali ife amalume ake, ine ndi achimwene anga a Dayisoni. Mnyamata anachita kundigwira mkono: "Malume, chonde, lero lokha musagone."

Ine kuchenjera, ndinagula magalasi akuda pa Chileka kuti ndikatsinzina aziyesa ndikuganiza mozama. Tafika, atipatsa mipando pansi pa mango, malume ake a mtsikana akuti tiyambe ndi pemphero. Pemphero, abale! Wotsinzina papemphero angamugwire ndani?

Akuti ndinayamba mkonono pang'onopang'ono, kenaka ngati ndege ikunyamuka, nkhuku zonse balala. Mwadzidzidzi zii, chifuwa osagwedezeka. Mayi a mtsikana kundivula magalasi aja n'kukuwa: "Mayo ine, alendo atifera pakhomo!" Wina ndi ndowa ya madzi, khuthu! Ine kudzambatuka ndi "Ameni!" wamphamvu, chonsecho pemphero linatha kalekale.

Malume a mtsikana aja sanaseke. "Bambo, tiuzane zoona. Zimenezi n'zakumtundu? Mwana wathu asamakagone ndi mantha kuti mwamuna wamufera."

Yohane chapatali apo thukuta lili kamukamu. Ine madzi ali chuchuchu ndinati, "Ayi ndithu, mtundu wonse ndine ndekha. Funsani achimwenewa."

Tonse kutembenuka. A Dayisoni mutu uli pambali, kukamwa yasa, injini yalira kale!

Anatipulumutsa ndi azakhali a Esinati, amene ndi anamwino. "Musawaseke, awa ndi matenda. Amatha kuyenda m'banja, ndipo amakondana ndi kunenepa, shuga ndi kuthamanga kwa magazi, koma chithandizo chilipo. Mwana timupereka, bola atatu nonse mukayezetse."

Tinapita. Ine anandipeza magazi akuthamangadi, pano ndikumwa mankhwala, ndimagonera cham'mbali, mimbayi akuti ichepe. Ukwati unachitika, magalasi ndinapatsa Yohane. Koma ndalumbira: unkhoswe wina uliwonse ndizilankhula choimirira, ndipo mboni yobadwa mimba imodzi ndi ine, ayi, sindidzatenganso.