Madzi pa Masitepe a Mayi Zagorka

Ikamakwana faifi koloko m'mawa, Mayi Zagorka ankakhala atafika kale pansanjika yachitatu, chidebe pambali, chokolopera m'manja. Tonse okhala m'nyumba yosanjayi tinkalidziwa lamulo lawo: sitepe yonyowa saiponda. Ankadzitama kuti chiyambire kukolopa, palibe anatererekapo pamasitepe awo, ngakhale Bambo Radomir a pamwamba, amene ankabwera miyendo ikukangana chifukwa cha kachasu wathu wa rakiya.

"Indisiya basi, amayi!" wina ankadandaula ali pakhomo.

"Basi ibwera ina. Mwendo wina ukautenga kuti? Ima pompo."

Chinkawasowetsa mtendere ndi mwambo wathu uja wothira madzi kumbuyo kwa munthu wopita ku mayeso kapena paulendo, kuti zikamuyendere ngati madzi. Nyengo ya mayeso masitepe ankachita kuyenderera, iwo n'kumathamanga chokwera chotsika ndi chisanza.

"Iwe Dusanka, mwana wakoyo akanawerenga, kapu imodzi ikanakwana. Chidebe chonse?"

Tsiku lina wansembe anabwera kudzawaza madzi odalitsa khomo ndi khomo. Mayi Zagorka anapsompsona mtanda mwaulemu wonse, kenako n'kuyamba kumulondola, akupukuta dontho lililonse.

"Amayi, mukupukutatu madalitso," anatero wansembeyo.

"Madalitso alowa kale, abambo. Ine ndikupukuta madzi okha."

Mayi Zagorka anatisiya nyengo yozizira yapitayi. Pano kumabwera anyamata aganyu Lachisanu lokha, amakolopa mothamanga n'kuimika kachikwangwani kachikasu kochenjeza kuti pansi n'poterera. Koma chikwangwani sichikalipa, anthu amangochilambalala. Bambo Radomir amatsika atagwira khoma ndi manja awiri. M'mawa kuli zii, ndipo ambiri ayamba kuchedwa ku ntchito, poti chinkawadzutsa ndi chidebe chija.

Sabata yomaliza ya Mayi Zagorka ndinawapititsira msuzi, khanda langa lili m'manja. Msuziwo sanaulawe. Anangondigwira pamkono.

"Iwe ndiwe umadzuka m'mawa chifukwa cha kamwanaka, ndiye ndikutume. Akamadzanditsitsa, udzandithirire madzi kumbuyo, ulendowu ndi wautali. Kapu imodzi, wamva? Koma udzadikire onyamula bokosi afike kaye pansi, asadzandigwetse pamasitepe anga omwe. Ukadzatero udzapukute. Uyambire m'makona."