Firiji Yoluma ya M'golosale Mwanga

Lolemba
Woyendera magetsi wandisiyira pepala, wakwera sitima. Abweranso Loweruka, ndipo akapeza golosale yanga ili chomwechi, akudula waya. Zolakwika wazigawa patatu.
Gulu 1, zoti zikhoza kupha munthu: firiji ilibe waya wopita pansi.
Gulu 2, zokonza msanga: soketi yosweka, mawaya omanga ndi jumbo ya shuga.
Gulu 3, malangizo chabe: maswichi alibe maina, m'bokosi la magetsi muli akangaude.
Kupha munthu! Zaka zitatu firiji imeneyi sinaphepo ngakhale mphemvu. Imaluma, sindikukana, koma aliyense kuno ku Chipyela amadziwa kuti potsegula umavala patapata ndipo manja akhale ouma. M'katimo mwadzaza kampango wa amake Esinati, mkazi wanga, wodikira ogula a ku Nkhata Bay. Magetsi akaduka, nsomba zapita, ine ndapita nazo.
Ndiyambira Gulu 3 kukwera m'mwamba.

Lachiwiri
Akangaude ndathana nawo. Maswichi onse ali ndi maina a penti yofiira: BABU, WAILESI, FIRIJI. Kukongola kwake! Amake Esinati akuti, "Penti ndiye iletsa kuluma?"
Ndaimba foni ku Nkhotakota kuitanitsa chitsulo chokhomera pansi, cholumikizako waya wa firiji uja. Akuti chibwera pa sitima ya Loweruka. Sitima yomweyo ya woyendera. Adzakhala moyandikana mwina.

Lachitatu
Afika alamu anga a Barnaba ochokera ku Yofu, amene anakhala ku Joni zaka makumi awiri. Akuti chitsulo n'chitsulo, paipi yakale ya madzi ikwana. Tikukhoma kuseri kwa golosale. Mwala. Tikusuntha. Mwala. Maenje asanu, miyala isanu, paipi yapindika ngati mbedza. Chilumba chino anachimanga osaganizira za magetsi.
Soketi ndachotsa ya kuchipinda, ndaika m'golosale. Jumbo ya shuga ndasintha, ndamangapo ina yatsopano.
Amake Esinati andiuza madzulo ano kuti ku Joniko achimwene awo ankaphika nyemba kukomboni ya mgodi. Andiuza lero, alamuwo atadya kale nkhuku yanga.

Lachinayi
Nzeru zatsopano za alamu: dothi ndi dothi. Adzaza chitini cha penti ndi mchenga wa kugombe, alowetsamo waya wa firiji, athira madzi. Akuti magetsi oipa azilowera mmenemo. Ndikuwapempha avule nsapato ayese kutsegula firiji. Akuti ali ndi vuto la mtima. Ine ndili ndi ana.
Amene ayesa ndi amake Esinati, mosadziwa, akuchokera kotsuka mbale. Mawu amene anena sindingalembe m'buku lomwe ndimalembamo nyimbo za kwaya. Omaliza okha: "Nsomba zanga tigulitse lero lomwe!"
Ndakana. Mwini golosale ndine.

Lachisanu
Ndaganiza mofatsa. Gulu 1 analipangira anthu a m'tauni, otsegula mafiriji mwachisawawa. Kuno tili ndi mwambo wake. Ndakhoma msomali pambali pa firiji, ndapachikapo patapata watsopano, pamwamba chikwangwani: VALANI MUSANATSEGULE. Papepala la woyendera ndafufuta 1, ndalemba 3. Vuto lasanduka malangizo chabe.
Mtima uli m'malo. Chitini ndachithirira ngati tomato.

Loweruka
Mwera wakuntha kuyambira m'mawa. Sitima yaima kutali, boti latula anthu m'madzi ofika m'mawondo. Woyendera akutulukira pakhomo panga nsapato zili m'khosi, buluku likudontha, nkhope ya munthu amene wasanza kuyambira ku Nkhotakota. Ndikumupatsa mpando, ndikumuonetsa maswichi a maina. Iye akungoti, "Chozizira chilipo? Musavutike bambo, nditenga ndekha."
Ndikuyang'ana pamsomali. Patapata palibe! Wina wavala, watsegula, wapita naye kwawo ku Mbungo.
Ndikuti, "Bwana, dikir..."
Sindinadziwe kuti munthu wonenepa chotero angadumphe kauntala.
Wakhala pathumba la mchere kanthawi, akuyang'ana dzanja lake. Kenako waona chitini. Kenako waona 3 wanga papepala. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Wangovala nsapato, wapempha makwerero.
Chitsulo changa chafika pa boti lachiwiri, waya atadula kale.

Lamulungu
Kutchalitchi aliyense akundipatsa moni wautali, wa pamaliro. Pobwera ndikupeza utsi uli tolo kuseri: amake Esinati akuwamba kampango yense pa maenje asanu aja. Akuti ndawakumbira zinthu zothandiza kamodzi m'moyo. Kupatula apo sakundilankhula, ndipo zikundiwawa kuposa za magetsizo, chifukwa ananena Lachinayi.
Woyendera adzabweranso mwezi wamawa, nyanja ikafuna. Chitsulo chatsamira pakhomo, alamu akuti akudziwa pamene palibe mwala. Ndawauza kuti ku Yofu akuwafuna.
Masana ndalowa m'golosale wopanda nsapato, ndagwira firiji ndi manja onse awiri. Koyamba m'zaka zitatu. Siikuluma.
Ndatenga pepala lija, Gulu 1 ndachonga.